Allama Iqbal: mabuku ake ndi olemba za iye, tiyambire pati?

Yusufu wa ku Limbe:
Assalam alaikum nonse pagulu pano. Sabata yatha timalongosola katundu wa malemu amalume anga kumudzi, nde mu sutikesi yachitsulo ija ankasungamo mabuku ndapezamo kabuku kakale, mapepala achita kufiira, chikuto mbali imodzi chiswe chinadya. Dzina lake The Secrets of the Self, wolemba Muhammad Iqbal, womasulira R. A. Nicholson. Ndawerenga masamba ngati 30, mwina mukundigwira mtima kwambiri koma mwina sindikutolamo kanthu. Dzina la Iqbal ndimalimva kwa mashehe amene anaphunzira Chiurdu, amatchula mzere umodzi wa ndakatulo zake pa ulaliki (bayani) nkupitirira osafotokoza kuti anali ndani. Nde funso langa ndi loti munthu wofuna kumudziwa bwino ayambire buku liti, komanso mwa anthu ophunzira amene analemba za iye odalirika ndi ati? Pa intaneti ndangolemba dzina lake zatuluka zambirimbiri mpaka bando kutha.

Che Amidu:
Waalaikum salaam mwana wanga. Allah awakhululukire amalume akowo, akusiyira chuma. Bukulo usalibwereketse mwachisawawa.

Ine ndinakhalako ku Pakistan zaka zinayi ndili mnyamata ndipo kumeneko dzina la Iqbal ulipeza paliponse, bwalo la ndege la ku Lahore, yunivesite, misewu, ana a sukulu mmawa kuimba pemphero (duwa) limene iye analemba. Manda ake ndinafikapo, ali pambali pa masitepe olowera mu mzikiti waukulu wa Badshahi, kanyumba ka miyala yofiira, asilikali amalondera. Anabadwira ku Sialkot, anamwalira ku Lahore pa 21 April 1938, Pakistan isanabadwe ndi zaka 9.

Buku uli nalolo dzina lake lenileni ndi Asrar-i Khudi, linatuluka 1915 mu Chiperisiya. Anthu ambiri amaganiza kuti Iqbal ndi wa Chiurdu basi koma ndakatulo zake zochuluka zili mu Chiperisiya, ankafuna kuti amumve Asilamu a ku Iran, Afghanistan mpaka kumtunda konseko. Nicholson anali mphunzitsi ku Cambridge, analimasulira mu 1920, ndipo azungu anamudziwa Iqbal kudzera mu buku limenelo. Ndiye wayambira pakhomo penipeni. Ukamaliza ufune mnzake Rumuz-i Bekhudi la 1918, analimasulira Mngerezi wina A. J. Arberry. Awiriwa ndi mtondo ndi munsi, limodzi palokha silisinja.

Rashidi Jozi:
Che Amidu mwayamba kale kutipatsa homuweki 🙏 pitirizani tikumva

Abiti Jafali:
Achimwene a Yusufu, ine ndinena za mbali ya ofufuza chifukwa ndi imene ndakhala ndikuwerenga kuno ku Leeds. Mukafuna buku limodzi lokha lofotokoza maganizo ake a chipembedzo, pezani Gabriel's Wing la mayi Annemarie Schimmel, la 1963. Mayi ameneyu anali Mjeremani, anaphunzitsako ku Ankara kenako ku Harvard, ndipo ndakatulo yaitali ya Iqbal yotchedwa Javid Nama anaimasulira mu Chijeremani komanso mu Chiteki, tangoganizani. Chimene ndimalikondera bukuli ndi mmene analiyalira, anatenga nsanamira za Chisilamu ndi nsanamira za chikhulupiriro nkumaonetsa kuti Iqbal ankati chani pa chilichonse, shahada, swala, kusala, Hajj, angelo, tsiku lachiweruzo. Nde kwa ife amene tinakulira ku madrasa sutayika, umadziwa pamene waponda. Ku Lahore kuli mpaka msewu wa dzina lake mayiyu.

Koma si lopepuka ayi. Ngati mukufuna kaye lofewa, Mustansir Mir ali ndi kabuku kakafupi kongotchedwa Iqbal, komanso anasankha ndakatulo zina nkuzimasulira mu Tulip in the Desert, amaika ndi mawu ofotokozera pansi pake. Ine ndinayambira pamenepo.

Ustazi Twaibu:
Salaam abale. Ine ndikuti pang'onopang'ono. Yusufu wafunsa za odalirika nde mayina atatu oyamba kutchulidwa onse azungu, Nicholson, Arberry, Schimmel. Sindikuwanyoza, anagwira ntchito, koma kodi Msilamu ayambe kumudziwa mlakatuli wa Chisilamu kudzera mmaso mwa anthu oti sankaswali? Ku Darul Uloom kuno ku South Africa ife tinamudziwa Iqbal kudzera kwa Maulana Abul Hasan Ali Nadwi wa ku Lucknow, amene anakumana naye maso ndi maso ndipo analemba Rawa'i Iqbal mu Chiarabu, la Chingerezi lake ndi Glory of Iqbal. Mmenemo mumaona Iqbal wolira akamva dzina la Mtumiki (SAW), Iqbal wowerenga Qur'an mbandakucha. Kwa ine Iqbal weniweni ndi ameneyo. Yusufu yambira pamenepo.

Abiti Jafali:
Ustazi, Mustansir Mir ndi Msilamu wochokera ku Pakistan konko ndipo ndi katswiri wa tafsiri (kutanthauzira Qur'an), nde si onse azungu. Koma mfundo yanu ndaimva ndipo buku la Nadwi ndi lokoma zedi, sindikukana. Vuto langa ndi loti aliyense amadula Iqbal mbali imene akuikonda. Nadwi anatenga wa chikondi cha Mtumiki, boma la Pakistan linatenga wa ndale uja analankhula ku Allahabad mu December 1930 kuti Asilamu a kumpoto chakumadzulo kwa India akhale ndi dera lawolawo, a ku India amaimba nyimbo yake ya 1904 yotamanda Hindustan mpaka lero asilikali awo amaguba nayo, ku Iran amamutcha Iqbal wa ku Lahore ndipo wolemba wa kumeneko Ali Shariati analemba za iye ngati munthu wodzutsa anthu ku tulo. Munthu mmodzi yemweyo. Mukawerenga mmodzi yekha mwa olembawa mudziwa mwendo wa njovu basi.

Che Amidu:
Abiti wanena zoona. Ndipo Ustazi, ndikukumbutseni ndi ulemu kuti Iqbal mwini wake anali ndi aphunzitsi a mbali zonse ziwiri. Ku Sialkot anaphunzira Chiarabu ndi Chiperisiya kwa Sayyid Mir Hasan, ku Government College ku Lahore anaphunzira filosofi kwa mzungu Thomas Arnold, ndipo Arnold atabwerera kwawo Iqbal anamulembera ndakatulo yodandaula kusiyana. 1905 anapita ku Cambridge, anatenga za uloya ku London, digiri ya udokotala ku Munich, ndipo zimene analemba kumeneko zinasindikizidwa 1908 pa mutu woti The Development of Metaphysics in Persia. Koma taonani ulemu wake, Angerezi atafuna kumupatsa ulemu wa Sir iye anati muyambe mwalemekeza mphunzitsi wanga Mir Hasan, ndipo anawapatsadi dzina la Shams al-Ulama. Sanaiwale pamene anachokera. Nkhani imeneyi ndimawauza ana anga kawirikawiri.

Yusufu wa ku Limbe:
Zikomo kwambiri makolo anga, ndalemba mayina onse mu kope. Koma chimene chandivuta kwenikweni mu bukuli ndi mawu oti Self. Ife ku madrasa anatiphunzitsa kuti nafsi (mtima wa zilakolako) ndi mdani, uyithyole, udzichepetse. Nde uyu akuti ulimbitse Self yako mpaka ikhale ngati mwala. Sizikutsutsana izi? Poyamba ndinaganiza kuti akuphunzitsa kudzikonda ndi matama.

Ustazi Twaibu:
Funso limeneli ndi limene linavutitsanso anthu a nthawi yake. Mawu amene Nicholson anawamasulira kuti Self ndi khudi, ndipo mu Chiurdu ndi Chiperisiya cha kale khudi linali liwu loipa, kudzikonda, kudzimva. Iqbal anavomera yekha kuti analisankha movutikira chifukwa panalibe lina lokwana bwino mu ndakatulo. Koma pitiriza kuwerenga uona kuti akuti khudi imaleredwa mmasitepe atatu. Loyamba kumvera malamulo a Allah, ndipo chitsanzo chake ndi ngamira yosenza katundu mchipululu mosadandaula. Lachiwiri kudzigwira, apa ndi pamene nafsi ukunenayo imamangidwa chingwe. Lachitatu kukhala khalifa, woimirira Allah pa dziko. Nde wamatama sangadutse ngakhale sitepe yoyamba.

Chimene iye ankadana nacho ndi chiphunzitso choti munthu asungunuke ngati dontho mnyanja, asiye dziko, angokhala nkumati zonse ndi Qadar, zinalembedwa kale ndi Allah. Mu kusindikiza koyamba kwa Asrar anadzudzula mlakatuli wamkulu Hafiz wa ku Shiraz kuti ndakatulo zake zimagonetsa anthu, kunabuka mkangano woopsa, a Sufi monga Khwaja Hasan Nizami wa ku Delhi anamuyankha mmanyuzipepala, mpaka posindikiza kachiwiri mizere imeneyo anaichotsa. Nde buku uli nalolo mulibe mbali imeneyo chifukwa Nicholson anamasulira lokonzedwalo.

Rashidi Jozi:
Nde Iqbal akanakhala kwathu akanakhala wa Sukuti eti? Osati wa sikiri?

Che Amidu:
Ayi Rashidi, usamukokere mu mkangano wathu wa pamaliro wa a Sukuti okhala chete ndi a Qadiriya ochita sikiri. Munthu amene ankamutcha mtsogoleri wake ndi Maulana Rumi, m'Sufi wamkulu kuposa onse. Mu Javid Nama ya 1932 Rumi ndi amene amamugwira dzanja kuyenda naye kumwamba, mwezi, Mercury, Venus, kumapita. Bambo ake omwe anali munthu wa tariqa, njira ya a Sufi. Iye ankadana ndi Usufi wa ulesi ndi ma pir, atsogoleri a Usufi odyera anthu osauka, komanso mbali inayi ankawakwapula ma mullah ouma mtima amene amangodziwa kukangana. Onse awiri anawalasa. Wa Qadiriya akawerenga apezamo zomusangalatsa ndi zomuwawa, wa Sukuti chimodzimodzi.

Mu Javid Nama momwemo muli ndi wa ku Africa kuno, Mahdi wa ku Sudan amaonekera ku Venus kumudzudzula Kitchener, mkulu wa asilikali a Angerezi amene anafukula manda ake. Nditawerenga gawo limenelo koyamba tsitsi linandiimirira. Arberry analimasulira mu Chingerezi mu 1966.

Nachisale:
Moni nonse. Ine ndine Mkhristu monga mukudziwa ndipo Iqbal ndamumva lero lomwe, koma nkhani ya liwuyi yandikoka chifukwa ndimaphunzitsa Chichewa. Mutati mulimasulire khudi mu Chichewa munganene kuti chani? Ndakhala ndikuyesa pano. Kudzikonda ayi mwakana kale. Umwini ukumveka ngati wa munda kapena nyumba. Kudzidalira kukuyandikira koma kwathu liwu limeneli linapita ku nkhani za chitukuko ndi ngongole za mmagulu. Mzimu ayi. Umunthu ndi umene unabwera koyamba mmutu mwanga koma umunthu wathu umayang'ana kwa anzako, kali kokha nkanyama ali awiri ndi anthu, pamene uyu mmene mukufotokozeramu akuyambira mkati mwa munthu mmodzi. Kapena tinene kuti uineine? Ndithandizeni.

Abiti Jafali:
Aphunzitsi mwafika pamtima pa nkhani. Ndipo yankho la mwambi wanuwo lili mu buku lachiwiri lija ananena Che Amidu. Bekhudi ndi ngati kunena kuti kudziiwala, ndipo bukulo likuti munthu akalimba mkati mwake adzipereke ku gulu, chifukwa funde limakhala funde likakhala mnyanja, kunja kwa nyanja si kanthu. Fanizo la funde limeneli analigwiritsa ntchito mu ndakatulo zake za Chiurdu. Nde Iqbal akanagwirizana nawo mwambi wathu, kungoti akanaonjezera kuti awiriwo aliyense akhale munthu payekha kaye, chifukwa anthu awiri ofooka akaphatikizana sapanga mudzi.

Ndipo apa ndi pamene ndikufuna ndikuuzeni za munthu amene anandichititsa kuti ndimukonde Iqbal, si mzungu, si Mpakistani, ndi wa ku Senegal, Pulofesa Souleymane Bachir Diagne wobadwira ku Saint-Louis amene anaphunzitsa zaka zambiri ku yunivesite ya Columbia ku New York. Mu 2001 analemba buku mu Chifalansa lokhudza Chisilamu ndi mtundu wa anthu wotseguka, potengera maganizo a Iqbal, ndipo bungwe la CODESRIA la ku Dakar linalitulutsa mu Chingerezi, Islam and Open Society. Kenako analemba lina loika Iqbal pambali pa Senghor, pulezidenti woyamba wa Senegal amene analinso mlakatuli, kuonetsa kuti onse awiri anamwa pa chitsime cha Mfalansa Henri Bergson, munthu amene ankaphunzitsa kuti moyo ndi nthawi sizinaime, zikulengedwabe. Iqbal anakumana naye Bergson ku Paris. Diagne mfundo yake ndi yoti kukhulupirika ku chipembedzo si kuima malo amodzi ngati chipilala, wokhulupirika ndi amene akuyenda. Nditawerenga ndinakhala chete nthawi yaitali chifukwa mafunso amenewa ndi omwe timalimbana nawo ife atsikana achisilamu amene tinapita ku sukulu, kumudzi amati wasanduka mzungu, ku sukulu amati ndiwe wotsalira ndi mpango wakowo. Munthu wakuda mnzathu kutenga mlakatuli wa ku Punjab nkumuwerenga ndi maso a ku Africa, kwa ine chinali chinthu chachikulu.

Nachisale:
Achemwali zikomo, dzina la Diagne ndalisunga. Nde pakadali pano ine ndikuti khudi ndi umunthu wamkati. Mawu awiri koma akumveka.

Ustazi Twaibu:
Umunthu wamkati si woipa koma ukusowa moto. Khudi ya Iqbal ili ndi ukali, chizindikiro chake ndi shaheen, mbalame ya mtundu wa kabawi imene simanga chisa, sidya chofa chokha, imakhala pamwamba pa mapiri. Umunthu kwa ife ndi kufatsa ndi kupatsa. Pakufunika liwu loti mukhale kulimba mtima.

Koma ndibwerere kwa Abiti. Zimene Diagne akunenazo zikuchokera mu The Reconstruction of Religious Thought in Islam, ndipo apa ndiyenera kuchenjeza mwachilungamo. Bukuli ndi nkhani zimene Iqbal anakamba mu Chingerezi ku Madras, Hyderabad ndi Aligarh, zinatuluka 6 ku Lahore mu 1930, kenako a Oxford anazisindikiza 1934 ataonjezera yachi 7. Muli zinthu zoti ma ulama ambiri sanazilandire. Akuti Jannah ndi Jahannam ndi mmene munthu alili osati malo. Akuyamikira nyumba ya malamulo ya ku Turkey pa nkhani ya ukhalifa, akuti ijtihad (kuganizira mwatsopano malamulo a Chisilamu) ndi ijma (kugwirizana pa chigamulo) masiku ano zichitikire mu nyumba ya malamulo yosankhidwa ndi anthu. Nadwi yemwe, ngakhale ankamukonda chotere, ananena poyera kuti mu nkhani zimenezi muli mfundo zimene sagwirizana nazo. Nde Yusufu usayambe ndi limenelo, uyambe wakhwima pa aqida, maziko a chikhulupiriro.

Abiti Jafali:
Zoti asayambe nalo ndavomera, ngakhale chifukwa changa ndi china, ndi lolimba kwambiri, tsamba limodzi muli Einstein, Whitehead, Ghazali, Ibn Khaldun ndi ma aya atatu. Koma zoti aliope ayi. Iqbal mu mawu oyamba a bukulo ananena yekha kuti pa kuganiza palibe mawu omaliza, ena adzabwera ndi maganizo abwino kuposa ake. Munthu wonena choncho sakukukakamiza. Ndipo mutu wachi 6 uja wa ijtihad ine ndimaona kuti shehe aliyense woweruza nkhani za mabanja ayenera kuuwerenga, chifukwa akukambamo za amayi a ku Punjab amene ankafika potuluka Chisilamu kuti angomasuka kwa amuna ankhanza poti njira ina inali yotsekeka, iye nkumafunsa kuti lamulo loteteza chipembedzo lingakankhire bwanji anthu kunja kwa chipembedzo. Mukalifuna pezani limene anakonza M. Saeed Sheikh, anafufuza buku lililonse ndi aya iliyonse imene Iqbal anatchula nkuika manotsi kumapeto, ntchito ya zaka. Popanda manotsi amenewo mumasochera.

Che Amidu:
Awiri inu mukukangana bwino, ndi mmene ziyenera kukhalira. Mkangano umenewu ku Pakistan wadzaza mashelefu. Kuli bungwe la boma lotchedwa Iqbal Academy Pakistan, linayamba 1951 ku Karachi kenako linasamukira ku Lahore, ntchito yake ndi imeneyi basi, kusindikiza mabuku ake, makalata ake, kumasulira, ndi kusunga zolemba pamanja. Ali ndi magazini ya Chingerezi Iqbal Review imene inayamba 1960, ndi ina ya Chiurdu Iqbaliyat. Liwu loti Iqbaliyat ndi dzinanso la phunziro, munthu amatenga digiri mpaka PhD pa Iqbal yekha. Zambiri anaziika pa intaneti mwaulere, nde Yusufu mmalo momwaza bando yako pa mavidiyo a mizere yabodza pita kumeneko. Ndikuti yabodza chifukwa pa Facebook pamayenda ndakatulo zambiri zoikidwa chithunzi cha Iqbal atagwira chibwano koma iye sanalembe. Njira yake ndi kuyang'ana mu Kulliyat, buku losonkhanitsa ndakatulo zake zonse, lilipo la Chiurdu ndi la Chiperisiya.

Ndinene zoona, mu magazini amenewa si zonse zili ndi nyama. Zina ndi kungotamanda, Iqbal anali wamkulu, Iqbal anadziwiratu zonse, kubwereza zomwezomwezo. Munthu akasanduka chizindikiro cha dziko anthu amaopa kumufunsa mafunso. Koma mukasefa mupeza zagolide, makamaka nkhani zofufuza makalata ake ndi masiku.

Za moyo wake buku lalikulu ndi Zinda Rud, analemba mwana wake Javid Iqbal amene anali jaji wa khoti lalikulu ku Pakistan, anamwalira 2015. Dzinali likutanthauza mtsinje wamoyo, ndi dzina limene Iqbal anadzipatsa mu Javid Nama. Mwana yemweyo anatulutsanso kope ya bambo ake ya 1910 imene ankalembamo timaganizo tifupitifupi mu Chingerezi, Stray Reflections. Kameneko Yusufu ungakamalize usiku umodzi ndipo umamuona munthuyo asanatchuke.

Rashidi Jozi:
Ine abwana anga akale ku Fordsburg ankakonda kuika nyimbo ya Shikwa mgalimoto, qawwali yaitali ngati ulendo wa ku Musina. Ndi ya Iqbal yemweyu?

Ustazi Twaibu:
Yemweyo. Shikwa ndi dandaulo, anailakatula ku Lahore mu 1911 pa msonkhano wa bungwe la Anjuman Himayat-i Islam. Msilamu akudandaula kwa Allah kuti ife tinanyamula dzina lanu mpaka mzipululu za Africa ndi mmatchalitchi a ku Ulaya, nanga lero bwanji ena ali pabwino ife tili mu umphawi ndi manyazi. Mashehe ena anakwiya kuti munthu angalankhule bwanji chonchi ndi Mlengi. Kenako anabweretsa Jawab-i Shikwa, yankho lake, mmene Allah akuwabwezera funso kuti inuyo ndi Asilamu ake ati, mizikiti ili mbee pa swala ya mbandakucha ya Fajr, mwagawikana mmitundu ndi mmagulu. Ukamaiwerenga umachita ngati akunena za kwathu. Anaimasulira mu Chingerezi Arberry, komanso Khushwant Singh amene anali m'Sikh. Ku Egypt shehe wina wosaona, al-Sawi Sha'lan, anaiika mu Chiarabu ndipo woimba wotchuka Umm Kulthum anaimba zigawo zake mu 1967 mu nyimbo yotchedwa Hadith al-Ruh. Mabuku ena anamasulira mu Chiarabu ndi Abdul Wahhab Azzam amene anali kazembe wa Egypt ku Pakistan. Nde amene munaphunzira ku Sudan kapena ku Madina simukusowa Chingerezi kuti mumuwerenge.

Abiti Jafali:
Kanthu kena kosonyeza kuti kufufuza ndi ntchito. Tsiku lobadwa la Iqbal lenilenilo linavuta zaka zambiri. Mabuku akale ena analemba 1873 potengera kaundula wa tauni ya Sialkot, ena 1876. Iye mwini polemba mbiri yake ku Munich anaika 3 Dhul Qa'da 1294 pa kalendala ya Hijri, pambali pake nkulemba 1876, koma mukawerengetsa bwino tsiku limenelo likugwa pa 9 November 1877. Boma la Pakistan linachita kukhazikitsa komiti, inagamula 1877, ndipo zaka 100 anakondwerera mu 1977. Nde a Yusufu mukaona chaka chosiyana mu buku lakale musadabwe.

Ndipo pa Nicholson, musatenge liwu lililonse ngati mwala. Iqbal ataliwerenga anakonza malo ambiri pamanja, ndipo Arberry anadzasindikiza zokonzazo. Komanso bukulo litatuluka olemba ena a ku England, E. M. Forster ndi Lowes Dickinson, anati munthuyu watengera wafilosofi wa ku Germany Nietzsche ndi chiphunzitso chake cha munthu wamphamvu woposa onse. Iqbal analembera Nicholson kalata mu 1921 kukana, anati ganizo la munthu wangwiro analilemba kale asanamuwerenge Nietzsche ndipo analitenga kwa a Sufi, makamaka al-Jili. Mpaka lero ofufuza akadakokanabe pamenepa. Ine ndimaona kuti anamuwerengadi Nietzsche mwachidwi, mu Javid Nama anamuika payekha kupitirira nyenyezi zonse ngati munthu amene anati palibe mulungu nkulephera kumaliza kuti koma Allah. Koma muzu wake ndi Qur'an ndi Rumi.

Kwa okonda ndale, Iqbal Singh Sevea analemba The Political Philosophy of Muhammad Iqbal mu 2012, akuonetsa kuti munthu amene amatchedwa tate wa ganizo la Pakistan ankadana kwambiri ndi kupembedza dziko ndi malire. Zimenezi mmabuku a sukulu a kumeneko sizimveka kwenikweni.

Yusufu wa ku Limbe:
Ndabwerera ku bukuli usiku wathawu mutandilimbitsa mtima, magetsi anazima ndinawerengera tochi ya foni. Ndafika pa nthano ya nkhosa ndi zilombo zolusa. Nkhosa zinatopa kudyedwa, nde imodzi yochenjera inadzipanga mneneri nkuyamba kulalikira kwa zilombozo kuti kudya nyama ndi tchimo, wodya udzu ndi amene Mulungu amamukonda, mano akuthwa ndi manyazi. Zilombo zinali zitatopa kale ndi kusaka, zinavomera, zinayamba udzu, mano anabuntha, maso anazima moto, ndipo kufooka kwawoko zinakutcha chikhalidwe chapamwamba. Abale, iyi ndi nthano yoti agogo akanatha kutiuza pamoto, kungosowa kalulu. Palinso ina ya mbalame yaludzu imene inajompha dayamondi poyesa madzi mlomo nkupweteka, kenako inapeza dontho la mame nkulimeza. Funso nkumati iwe ndiwe dontho kapena mwala.

Koma gawo limene landilasa ndi loti kupempha kumafooketsa khudi. Akutchula Umar (RA) kutsika pa ngamira kukatola yekha chikwapu chake osatuma munthu. Ndinaganiza za ife, mzikiti tidikire wina atimangire, chitsime tidikire, ngakhale mphasa za mu mzikiti ndi futari ya Ramadan timalemba kalata yopempha. Sindikunyoza otithandiza, Allah awalipire. Koma ndinagona mochedwa.

Che Amidu:
Ukawerenga Iqbal nkugona tulo tabwino ndiye kuti sunamumve. Pitiriza mwana wanga. Kungoti kumbuka kuti akunena za mtima wozolowera kutambasula dzanja, sakunena wamasiye kapena wodwala amene Zakaat ndi gawo lake.

Nachisale:
A Yusufu, mmene mwaifotokozera nthano ya nkhosayo mwaimasulira kale theka. Bwanji tiyese? Inu mutumize zithunzi za masamba amenewo, ine ndiyale Chichewa chake mwa ndakatulo, a Ustazi ndi Che Amidu ationere ngati sitinapotoze tanthauzo. Ndikufuna ndikawerengere ana anga a Fomu 3 ndione ngati angaimve popanda kuwauza kuti inachokera ku Lahore.

Ustazi Twaibu:
Ndavomera, koma tisadalire Nicholson yekha poti tamva kuti mwini wake anamukonza. Ndili ndi Asrar ya Chiperisiya yokhala ndi Chiurdu pansi pa mzere uliwonse, ndijambula masamba omwewo. Mwachitsanzo Nicholson analemba kuti tiger, koma liwu la Chiperisiya ndi sher limene limanenanso mkango. Kwa ife mkango ndi umene ukumveka.

Abiti Jafali:
Mkango ndithu. Ine nditumiza zimene Schimmel ananena pa khudi, masamba ochepa, kuti aphunzitsi aone poyambira. Liwu lija tisalimange kaye, mu nthanoyi tingathe kulemba khudi momwemo mpaka titagwirizana.

Nachisale:
Ayi achemwali, ana anga akaona khudi afunsa kuti ndi chani ndipo ine ndiyenera kuyankha mu Chichewa. Ndiyesa umunthu wamkati pa ndime yoyamba, pa yachiwiri ndiyesa mtima wa mkango, muone chimene chikukhala bwino pakamwa.

Yusufu wa ku Limbe:
Chabwino. Masamba ake ndi ofooka nde ndijambula masana pa kuwala, mawa ndikaweruka ku shopu. Tsamba limodzi chiswe chinadya mizere iwiri yapansi, Ustazi mudzatithandize kuchokera mu lanulo.